A Lupsa ndi Timakomo ta pa Mpanda

Ndineneretu poyamba, kuti wofuna kukwiya akwiyiretu: alamu anga a Bennet Kachigamba sanatcherepo msampha ku England kuno. Inu amene munkatumizirana chithunzi chija pa gulu la watsapu la kutchalitchi, n'kumaikapo tinkhope toseka, ndikukudziwani nonse, ndipo ena mwa inu mumadya kwathu pa Khirisimasi. Ine ndine Petronella, mng'ono wake wa Scholastica, mkazi wa a Bennet. Ndinaliko, ndinaona ndi maso angawa, ndiye khalani pansi mumve.

Kwa zaka makumi atatu munthuyu ndinkamutcha a Lupsa. Dzinali ndinawapatsa ndine, ndili kamtsikana ka zaka naini kwathu ku Kasinje, ku Ntcheu. Nthawi imeneyo a Bennet anali mnyamata wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, katswiri wa mbewa woti dera lonse linkamudziwa. Kapuku, mende, bwampini, zonse zinkalira zikamva mapazi awo. Ankangowerama pa udzu n'kunena kuti apa padutsa ziwiri, imodzi ndi yabere, ndipo mukakumba munkapeza zilidi choncho.

Mu Okutobala wa 1987 anayatsa tchire kuti mipita ndi mauna zioneke, monga ankachitira mnyamata aliyense. Koma mphepo inatembenuka. Moto unalumpha khwawa n'kulunjika kukhola la abambo anga, madzulo, titangotsekera mbuzi. Zinalimo seveni. Khomo linali limodzi, ndipo moto unayambira kukhomo komweko. Zinalira, zinalira, mpaka zinaleka. Ine ndinali chiimire pamenepo, ndipo a Bennet anali pambali panga ndi nthambi yaiwisi m'manja, yomwe sinathandize kanthu.

Abambo sanawatengere kubwalo la milandu. Anangowayang'ana n'kunena kuti, "Umange lina." Analimanga milungu itatu, kumanga n'kuphwasula, ndipo litatha linali ndi makomo awiri, lina kum'mawa lina kumadzulo. Mudzi wonse unaseka, ati afisi akuthokoza. Amene sankaseka anali achemwali anga a Scholastica, omwe ankawapititsira madzi akumwa kasanu pa tsiku, ngati kuti womanga khola amamwa kuposa ng'ombe. Patatha zaka zitatu, wotentha khola uja anali mkamwini pakhomo pathu. Chiyambire tsiku la moto lija machesi sagwira. Ngakhale kuno, tikamawotcha nyama kuseri kwa nyumba, woyatsa makala amakhala wina, iwo amakakhala patali ndi ana.

Achemwali anabwera ku Leicester mu 2004 ngati nesi, a Bennet anatsatira patapita zaka ziwiri, ine ndinabwera pambuyo pawo. Tonse tili ku Wigston, misewu itatu yokha pakati pathu. Alamu analowa ntchito imene tonse timalowa, ya ku keya, yosambitsa ndi kudyetsa okalamba. Ankaigwira mokhulupirika, sindinama, koma munthu ankafota tikuona. Zaka naini m'nyumba zotseka mawindo, munthu woti anakulira m'tchire! Akaweruka ankangokhala pampando, maso ali pakhoma.

Anawapulumutsa ndi a Munaf. Tsiku lina mu 2015 alamu akugula nsomba m'sitolo ina ku Evington, anamva mmwenye akukalipira munthu pa foni m'Chichewa cha ku Limbe chenicheni, chotukwanira chomwe. Anali a Munaf, obadwira ku Limbe, amene anabwera kuno ali mnyamata ndipo ali ndi kakampani komanga mipanda: vani imodzi, anthu anayi. Anacheza za Chichiri ndi Ndirande mpaka nsomba inasungunuka, ndipo Lolemba lotsatira a Bennet anali m'vani, atavala majombo. Kutchalitchi anthu ananyogodola, ati mwamuna wa nesi n'kumakumba maenje ngati waganyu. Alekeni anyogodole. Ine ndinaona munthu akubwerera m'thupi mwake, akudya mbale ziwiri, akuimba m'bafa. Ntchito imeneyo inali mpweya wawo, ndipo pa zaka fifite wani, opanda pepala lililonse la sukulu ya kuno, ina yotere sakanaipezanso.

Chaka cha 2018 mukuchikumbukira. Kuyambira Juni mvula inazimirira, udzu wa m'mapaki unayera mbuu ngati kwathu mu Okutobala, azungu n'kumayenda osavala malaya. Mu Julaye phiri lina la kufupi ndi Loughborough linapsa. Ndi malo a khonsolo, aliyense amapitako kukayenda ndi agalu, komanso kumadya ng'ombe zanyanga zitalizitali zimene alimi amabweretsa kuti zizichepetsa tchire. Ng'ombezo anazithawitsa bwinobwino, koma mpanda wa mbali ya kumsewu unatheratu. Mapolo anasanduka makala, waya anagona pansi. Chimene chinayatsa motowo palibe ankadziwa. Ntchito yomanganso inagwera a Munaf, ndipo khonsolo inati ng'ombe zibwerera Lachisanu lomaliza la Ogasiti, mpanda ukhale utatha.

Tsiku loyamba la ntchitoyo achemwali anandiimbira. "Tabwera udzawaone alamu akowa, akukana chakudya." Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, majombo osavula, phulusa mpaka m'mawondo.

"A Lupsa, mwadwala?"

Sanaseke. Anandiuza kuti pochotsa waya wakale anapeza nyama zopserera m'munsi mwake. Tinungu, tija taminga timadzipinda ngati mpira. Ana a ziuli za kuno, zija zamizere yoyera kumaso. Kamwana ka gwape kamodzi. Sizinali balalabalala ayi, zinali zitaunjikana malo ochepa okha. Mpanda wakalewo unali ndi maenje amene nyama zinakumba kalekale n'kumadutsiramo, koma chaka chapitacho wina anaukonza n'kutseka maenje onsewo ndi waya wa sefa. Moto utabwera, nyama zinathamangira kumakomo awo akale n'kupeza potseka. Alamu anazikwirira okha ndi fosholo pa nthawi ya nkhomaliro, anzawo akudya.

"Mlamu," anatero, "fungo lake ndi lomwe lija."

Sindinafunse kuti liti. Ndinangowavula majombo.

Tsono a khonsolo nawo si zitsiru, tisawanamizire. Pa pepala la mpanda watsopano analembapo kuti m'munsi mwa waya mukhale timakomo eyiti, toti n'kudutsa chiuli koma osati thole. Vuto linali malo ake. Munthu anakhala mu ofesi ndi rula n'kuika timadontho pa mapu, mamita handiredi aliwonse kadontho, zooneka bwino ngati mabatani a malaya. A Akbar, mnzawo wa pantchito, anaika timakomo tinayi ta kumunsi ndendende pa timadonthoto. Mbali ya kumtunda anapatsa a Bennet.

Apa ndiye pamene mlenje uja anadzuka. Vani ikangoima m'mawa, anzawo akumwa tiyi, iwo ankakwawa pa phulusa. Pa lupsa mpita subisika. Pamene nyama zapondaponda zaka zambiri nthaka imalimba, ndipo udzu ukapsa kanjirako kamatsala poyera. Akapeza mpita wolunjika kumpanda, ankazika kamtengo, n'kupinda kachidutswa ka waya pamwamba pake kuti aziuonera patali. Ndiye manja sayiwala, abale. Manja amene anaphunzira kupinda khwekhwe ali ndi zaka seveni, mukawapatsa waya amapinda chiyani? Kalikonse kanatuluka kozungulira bwinobwino, ngati msampha wa pa chithunzi cha m'buku. Pomaliza pake, timakomo tawo tinayi anatiika pa mipita, osati pa timadontho, ndipo anawonjezera tiwiri tomwe pa pepala panalibe.

Mayi wina woyenda ndi galu anawajambula. Munthu wakuda atagwada pa njira ya nyama, waya wozungulira ali m'manja, pa phiri loti langopsa kumene. Pofika madzulo chithunzi chinali pa tsamba la fesibuku la anthu a m'deralo. Kutacha chinali pa gulu lathu la kutchalitchi, ndipo mayi wina, amene dzina lake ndalisunga, analemba pansi pake kuti, "A Kachigamba, ndiwo zavuta?" Ndinachiwerenga ndili pa shifiti ku Oadby, ndikusintha bedi la gogo wina.

Masana a tsiku lomwelo, Lachitatu, foni inalira. "Mlamu, udzanditenge kuphiri kuno. Vani sindikwera lero."

Ndinadiraiva ngati ndaba galimotoyo. Nditafika ndinapeza anthu atatu ataima pa mpanda watsopano. Alamu anali atapinda manja pachifuwa. A Munaf anali thukuta kamukamu, chipewa akuchifinya m'manja. Wachitatu anali Fiona, mtsikana wa ku khonsolo woyang'anira za nyama ndi zomera, wazaka ngati sate, fayilo ili kukhwapa, timawaya tonse tija atatizula n'kutiunjika pansi.

Fiona anatola kamodzi, n'kulowetsa chala, n'kukoka. Sikanathine, chifukwa alamu anali atakapota kolimba kuti kasayende. Analankhula m'Chingerezi, mwaulemu koma mouma. "Ndaona kuti sitingagwire nyama. Koma anthu oposa mazana atatu aona chithunzichi, ndipo akufuna yankho. Chachiwiri, timakomo tanu sitili pamene tinagwirizana. Mwasintha pulani popanda kufunsa aliyense."

A Munaf anatembenukira ku Chichewa, mawu atatsitsa. "Achimwene, chonde. Pepesani basi, tizule timakomo tanuto, tiike pamene pepala lanena, nkhani ithe. Mundiphetsa ine! Khonsolo ikanditaya, vani ija ndigulitsa. Mukakana ndilibe pogwira, mawa musabwere."

Ndinawayang'ana alamu. Ndinkadziwa chimene chikuwadikira akatuluka pamenepo: mayunifomu a buluu aja, makonde onunkha mankhwala, mpando uja ndi khoma lija. Mumtima ndinkati, pepesani, a Lupsa, pepesani basi.

"A Munaf," anatero pang'onopang'ono, "za timawayati ndipepesa, ndinalakwitsa kutipinda chonchi. Koma timakomo sindizula. Pepalalo silinayendepo ndi miyendo inayi."

Kenako anabwereza zomwezo m'Chingerezi chawo cholemera chija, osachotsapo liwu. Fiona anakweza nsidze. "Nanga inu mukudziwa bwanji pamene nyama zimadutsa? Munaphunzira kuti?"

Apa mpamene ndinalakalaka nthaka itandimeza.

"Ndatchera misampha kuyambira ndili ndi zaka seveni," anatero alamu, mutu uli chilili. "Ndapha nyama zambiri kuposa zimene inu mwaziona pa kompyuta. Pamene ndingatchere msampha mpomwe payenera kukhala khomo, chifukwa mpomwe nyama imadutsa. Ndipo moto ndimaudziwa. Ndinatenthapo tchire ndi manja angawa."

A Munaf anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Ya Allah, madala, khalani chete!" Ine ndinawaponda alamu phazi, koma pa jombo lachitsulo anamva chiyani? Fiona anatsegula fayilo, cholembera chili m'manja.

"Pa tsiku limene phiri lino linapsa, Lamulungu masana, munali kuti?"

Basi pamenepo ndinaphulika. Chingerezi changa chikapsa mtima chimathamanga kuposa galimoto. Ndinamuuza kuti munthuyu anali kutchalitchi ku Wigston kuyambira teni koloko mpaka folo, akuimba besi yolakwika pamaso pa anthu sikisite, ndipo ndingamupatse manambala awo onse. Ndinamuuza kuti tchire akunenalo linapsa iye asanabadwe, kudziko limene sangalipeze pa mapu ake a timadonthowo. Ndinamuuza kuti munthuyu ngakhale kandulo ya pa keke sayatsa. Ndinanena zambiri, zina zosayenera mkhristu, mpaka alamu anandigwira paphewa.

"Mlamu, takhala chete. Wafika pano ndi galimoto, osati ndi mlandu."

Anatembenukira kwa Fiona. "Mayi, musandikhulupirire ine. Funsani eni ake. Mundipatse usiku umodzi. Ndiwaza phulusa losalala pa timakomo tonse, tanu tinayi ndi tanga sikisi. Mawa m'mawa tidzawerenge limodzi. Kwathu tisanatchere msampha timatero, kuti tisavutike pachabe."

Fiona anayang'ana a Munaf, anayang'ana mpanda, anayang'ana wotchi. Ndikuganiza kuti chidwi chinamuposa, chifukwa mtsikanayo nyama amazikondadi. "Seveni koloko mawa," anatero. "Ngati sipakhala kusiyana, timakomo tibwerera pa pulani, ndipo lipoti langa lidzanena kuti munasintha ntchito mwadala. Zikatero a Munaf adzasankha okha pakati pa inu ndi kontirakiti."

"Ndasankha kale," anatero a Munaf, osayang'ana munthu kumaso.

Anthu atapita tinatsala awiri. Alamu anatenga ndowa, n'kumatapa phulusa lofewa la m'munsi mwa zitsa, n'kumalisefa ndi chidutswa cha thumba. Pa kakhomo kalikonse ankawaza mbali zonse ziwiri, n'kusalaza ndi nthambi, akubwerera chafutambuyo kuti asapondepo. Ndowa ndinkanyamula ndine, yunifomu yanga ya ku keya ikuda ndikuona. Ta a Akbar anatisalaza mosamala chimodzimodzi ndi tawo, ndinaonetsetsa ndekha. Tikumaliza, ndinakweza maso n'kuona mitambo yakuda ikusonkhana cha kumadzulo. Miyezi iwiri yathunthu ndinkapempherera mvula, ndipo inasankha tsiku limenelo kuti iganize zobwera.

M'galimoto ndinawakalipira kuyambira paphiri mpaka pa mphambano ya ku Glenfield. "Inu mutu wanu ukuyenda? Mzungu wa fayilo n'kumamuuza kuti munatenthapo tchire? Simukanangonena kuti munaonera pa TV?"

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mlamu."

"Za mbewa zomwezo ndi zimene zatifikitsa pano!"

Anaseka koyamba tsiku limenelo, koma kuseka kwake kunathera panjira. Kunyumba tinapeza achemwali akusita. Anamva nkhani yonse osaleka kusita, kenako anaimika simbi.

"Bambo a Thoko, ntchito imeneyi ikatha mubwerera ku keya. Mukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye mwasankha tinungu."

"Sindinasankhe kanthu, mayi. Kungoti khomo limodzi sindidzamanganso."

Achemwali anatenga malaya a ntchito a alamu n'kuyamba kuwasita, malaya oti akapaka phulusa m'mawa mwake.

Mvula inagwa ku Nottingham, ndinamva pa wailesi, koma paphiri paja sinafike. Tinafika hafu sikisi, mame ali mbwee. A Munaf anali atafika kale, maso ofiira. Fiona anafika seveni ndendende, ndipo tinayambira kumunsi, pa timakomo ta pa pepala.

Pa koyamba penipeni panali mapazi. A Munaf anapumira m'mwamba, sindikudziwa ngati kunali kukondwa kapena chisoni. Alamu anangoloza ndi kamtengo. "Nkhandwe. Yabwera, yanunkhiza, yabwerera. Onani mbali inayo." Fiona anasuzumira kuseri kwa waya, ndipo phulusa la kumeneko linali losalala monga tinalisiyira. Kachiwiri kanali kosalala. Kachitatu panali timapazi ta mbalame basi. Tikupita ku kachinayi, Fiona anaima yekha osauzidwa. Pansi pa waya watsopano, pamalo opanda khomo, panali dothi laliwisi lofukulidwa kumene, ndipo ubweya wotuwa unali utakodwa pa waya. Chiuli chinali chitakumba pamene mpita wake unkadutsa, masitepe makumi awiri kuchokera pa kakhomo kokongola kamene anachikonzera.

Fiona anatulutsa foni. Anajambula, tinapitirira kukwera.

Kakhomo koyamba ka alamu, abale inu, munkachita ngati pamsika wa Lizulu tsiku la Loweruka. Mapazi pamwamba pa mapazi, olowa ndi otuluka. A Bennet anagwada, ndipo ndinamuonanso mnyamata uja wa ku Kasinje.

"Ichi ndi chiuli chachikulu, chachikazi. Chikutsimphina mwendo wakumbuyo wa kumanzere, onani sichikupondetsa, chinapsa phazi. Awa ndi ana ake awiri, akuyenda m'mbuyo mwake. Apa kanungu, kanadutsa mochedwa, mame atayamba kale, nchifukwa chake phulusa lamata. Iyi ndi mbewa." Anaweramira pafupi. "Mtundu wake sindiudziwa, si ya kwathu."

Fiona anali atagwada pambali pawo, fayilo ataisiya pa udzu wopserera. Ankawerenga zala za phazi lililonse ndi nsonga ya cholembera, n'kumagwedeza mutu. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu, kachinayi, kachisanu, kena mapazi ambiri kena ochepa, koma kopanda kanthu panalibe. A Munaf anayamba kuyenda ngati munthu amene wachira malungo.

Tinafika pa kachisanu n'chimodzi, kotsiriza, pafupi ndi mwala waukulu. Phulusa linali losalala. Panalibe ngakhale phazi la nyerere.

"Apa ndiye mwaphonya," anatero Fiona, osati monyoza ayi.

Alamu anapukusa mutu, n'kuloza pambali pa polo. Panali kamulu ka dothi, kokhala ndi miyala itatu pamwamba. "Sindinaphonye. Eni ake a mpita uwu ali apa, onse. Ndinawakwirira ndekha."

"Nanga kakhomo n'kachiyani, ngati palibe wodutsapo?"

"Zibwera zina. Nyama zimafa, koma mpita sufa. Zikadzabwera zisadzapeze potseka."

Fiona anaimirira n'kusasa phulusa m'mawondo. Anayang'ana kamulu kaja, kenako anatsika kupita kugalimoto yake. Tinangoyang'anana. Anabwerako atanyamula mtolo wa timbendera tofiira ta pulasitiki, n'kuwapatsa alamu m'manja.

"Timakomo tinayi ta kumunsi tichoke, muike pamene inu munene. Kakhomo kotsirizaka kakhale. Mbali ya kumpoto tikumanganso mwezi wamawa, ndipo ndikufuna muyambe mwayendamo inu tisanajambule chilichonse. Koma chonde, bambo Kachigamba, muzizika timbenderati. Waya musapindenso."

A Munaf anakhala pansi pa phulusa pomwepo, buluku loyera ndi loyera. "Madala, mwandikalambitsa zaka teni usiku umodzi. Galu wamkota sakandira pachabe, ndavomera. Koma tsiku lina mudzandipha ndithu." Kenako anadzuka n'kuyamba kukalipira a Akbar pa foni kuti abwere ndi pulayazi.

Madzulo ake Fiona analemba pa tsamba lija la anthu a m'deralo, kufotokoza zonse, ndi dzina la alamu lomwe. Ine ndinatenga zithunzi khumi ndi ziwiri za mapazi n'kuziponya pa gulu la kutchalitchi, chimodzichimodzi, kuti foni ya aliyense ilire kakhumi ndi kawiri. Pansi pake ndinalemba kuti, "Ndiwo sizinavute." Oseka aja onse anangoti zii. Mayi wofunsa za ndiwo uja mpaka lero akandiona amayang'ana m'chikwama ngati wataya kiyi.

Koma chimene ndakukhazikirani pansi si chimenecho. Fiona ndi a Munaf atatsika m'mawa uja, ine ndinatsalira. Alamu anabwerera pa kakhomo koyamba kaja, ka mapazi ambiri, n'kugwadanso. Sankawerenganso kanthu. Ankangoyang'ana mzere wa mapazi a chiuli chotsimphina chija ndi ana ake, kuchokera mkati mwa lupsa, kudutsa pansi pa waya, mpaka kukalowa mu udzu wobiriwira wa kutsidya.

Ndinaima kumbuyo kwawo monga ndinaimira tsiku lija ndili ndi zaka naini. Abambo anamwalira mu 1999 osawauzapo liwu lina lililonse za khola lija, loipa kapena labwino. Ine ndiye ndinkawakumbutsa tsiku ndi tsiku, ndi dzina lija, n'kumayesa nthabwala za pachilamu. Ndinachita manyazi, ndikuuzeni zoona, manyazi oti sindinawamvepo chibadwire.

"Alamu," ndinatero.

Anatembenuka msanga, chifukwa sanazolowere kuti ndiwaitane osawonjezera dzina lija.

"Mbuzi za abambo zija zatuluka."

Anandiyang'ana. Anavula chipewa, n'kupukuta kumaso ndi dzanja la phulusa, nkhope yonse n'kutuwa, kupatula mizere iwiri yonyowa.

"Zonse seveni?"

"Zonse. Ndaziwerenga."

Anagwedeza mutu, anavala chipewa, anatola timbendera tawo n'kuyamba kutsika kukachotsa timakomo ta pa pepala.